Mwana ali ndi digiri koma ntchito palibe: abwerere kusukulu?

Mayi wina wandilembera kuti mwana wake anamaliza digiri ya zachuma zaka zitatu zapitazo. Makalata ofunsira ntchito watumiza osawerengeka, koma sanaitanidwepo ndi ku intavyu komwe. Mayiyo akufunsa ngati agulitse katundu kuti mnyamatayo akachite digiri yachiwiri.

Mayi, musagulitse kaye. Ndipo chotsani maganizo oti mwana wanu ndi waulesi. African Development Bank imati chaka chilichonse achinyamata pakati pa 10 ndi 12 miliyoni amayamba kufuna ntchito mu Africa, pamene ntchito zolembedwa zimene zimatseguka ndi pafupifupi 3 miliyoni zokha. Lipoti la 2018 la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, linapeza kuti mwa anthu 100 alionse ogwira ntchito mu Africa, oposa 85 ali pa ntchito zosalembedwa m'kaundula, zopanda penshoni.

Kale wolemba ntchito wamkulu linali boma. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ngongole za IMF ndi World Bank zinabwera ndi lamulo loti maboma achepetse antchito ndi kugulitsa makampani awo. Kuchokera apo mayunivesite achuluka, mafakitale ayi. Dziko likamagulitsa thonje kunja lisanalukidwe, ntchito yoluka nsalu ndi kusoka malaya imapita kwa ogulawo. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti boma likamakongola ndalama zambiri kumabanki a m'dziko momwemo, chiwongoladzanja chimakwera, ndiye mwini kampani yaing'ono, amene akanagula makina n'kulemba anthu asanu, amangogwira njakata. Vietnam inasintha ndondomeko zake mu 1986, n'kuyamba kukopa mafakitale, ndipo lero mafoni ambiri a Samsung amapangidwa kumeneko. Zoterezi ndi ntchito ya boma, inu ndi mwana wanu simungazikonze chaka chino.

Digiri yachiwiri imathandiza amene akufuna kuphunzitsa kuyunivesite kapena kuchita kafukufuku, makamaka akapeza omulipirira. Koma olemba ntchito ambiri akafika pa CV ya mwana wanu amaima pamalo amodzi: wagwirapo kuti? Pepala lina silidzaza mpata umenewo.

Apite ku kampani yaing'ono, ngakhale ya anthu khumi, akapemphe kusunga mabuku a ndalama kwa miyezi 6, olo malipiro akhale ochepa. Kumeneko adzagwira malisiti enieni, adzaphunzira kuwerengera msonkho ndi malipiro a antchito, adzazolowera mapulogalamu a pakompyuta a Excel ndi QuickBooks. Mayeso a ACCA, a ukatswiri wowerengera ndalama, angathe kulemba pepala limodzilimodzi uku akugwira ntchito, popanda inu kutaya katundu. Pa CV, mawu oti "ndine wolimbikira" amalemba aliyense. Oti "ndinalongosola mabuku a kampani amene anakhala chaka osalembedwa" amachititsa bwana kunyamula foni.

Ena adzamuuza kuti adzilembe yekha ntchito. Ndi bwino ngati ali kale ndi anthu omugula. Koma asatenge ngongole asanagulitsepo kanthu, chifukwa banki imafuna ndalama zake mwezi ndi mwezi, malonda ayende asayende.

Chinthu chinanso, mayi: mnyamata amene wakhala pakhomo zaka zitatu amakhala ndi manyazi amene satchula. Musamamufunse m'mawa uliwonse ngati amuyankha. Muuzeni andilembere yekha, anditumizire CV yake tiikonze limodzi.