Kuoda ma PlayStation ku Joni: funsani kaye ngati ili ndi polowetsa chimbale

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati mwasunga kampamba, mukufuna muyambe kuoda ma PlayStation ku Joni, ndipo anzanu akukulangizani PS5 ija yopanda polowetsa chimbale poti ndi yotsikirapo mtengo, komanso akuti zimbale zatha ntchito, dziko lonse likugula magemu pa intaneti. Ine geniyi ndayenda nayo zaka zingapo, ndipo ndikuti musayerekeze.

Anzanuwo sakunama kwenikweni. Makampani akukankhiradi komweko. Mu November 2020 Sony inatulutsa PS5 ya mitundu iwiri, ya chimbale ndi yopanda, ndipo Microsoft inatulutsa Xbox Series S yomwe ilibiretu polowetsa chimbale. PS5 Pro ya mu 2024 inabwera yopanda, wofuna polowetsa chimbale azigula padera. Kunjako anthu amakangana za zimenezi, ena akuti kugula pa intaneti nkosavuta, ena akuti gemu yomwe sungaigulitse kapena kubwereka mnzako si yako. Kwa iwo ndi nkhani yokonda. Kwa ife ndi nsima. Chimbale ndi katundu: ndimachigula chogwiritsidwa kale ntchito ku Johannesburg, ndigulitsa ku Blantyre, wogulayo akatopa nacho andibwezera nkuonjezera pang'ono kuti atenge china, ine ndigulitsanso kwa wina. Chimbale chimodzi chimatha kundidyetsa katatu. Gemu ya pa intaneti imakakamira pa akaunti ya woigula, ndipo wa geni alibepo gawo.

Ganiziraninso za kasitomala wanu. Magemu akuluakulu a masiku ano ena amapitirira 100GB. Muwerengere bandulo yake, kenako magetsi azime ili pakati. Komanso Malawi mulibe pamndandanda wa maiko a PlayStation Network, sitolo ya Sony yogulirako magemu pa intaneti, ndiye anthu amatsegula akaunti ya South Africa nkumagula makadi a ma rand. Munthu wagula makina opanda chimbale, wafika nawo ku Ndirande, alibe chosewera: foni yoyamba aimbira inu, ndipo sakuyamikani. Nanenso zinandichitikira kamodzi, makinawo anakhala pashelefu miyezi inayi mpaka ndinawagulitsa modula mpamba.

Chimene chimayenda kwathu kuno ndi PS4 yakale. Inatuluka mu 2013, inagulidwa yoposa 100 miliyoni padziko lonse, ndiye zotsala mʼmanja mwa anthu ndi zambiri, okonza amaidziwa, zimbale zake zili mbwee. Makasitomala anga enieni si ana a mabwana ayi, koma anyamata a timashopu ta magemu mʼmatauni, kumene ana amalipira kuti amenye mpira mphindi zingapo. Amenewo amafuna mpira basi. Ngakhale dzina la gemu ya mpirayo linasintha mu 2023 kukhala EA Sports FC, aliyense amangoti FIFA, inunso muzitero pogulitsa. Akatero amafunsa GTA V ndi Mortal Kombat. Ndipo chomwe chimawathera msanga ndi ma pad, zogwirira mʼmanja posewera zija, chifukwa pad yogwidwa ndi manja a ana tsiku lonse sikhalitsa. Phindu langa la mwezi ndi mwezi limachokera ku ma pad, zingwe za HDMI ndi zimbale. Makinawo ali ngati nyambo.

Tsono za ulendo. Basi ya ku Joni imadutsa pa Mwanza kapena pa Dedza, kulowa Mozambique, kuoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare, mpaka Beitbridge. Konzekerani masiku awiri pamsewu, mzere wa pa Beitbridge ukakula nkupitirira. Ndalama ndiye mutu waukulu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amene tinali titagulitsa katundu pangongole tinabwezedwa ndalama zosakwana kuodanso katundu yemweyo. Kuyambira pamenepo mtengo ndimauwerengera pa rand ya lero, osati ya tsiku lomwe ndinaoda, ndipo ngongole ndinasiya.

Pogula, pitani mʼmashopu a katundu wakale amene amapereka lisiti. Za pa Facebook zimatchipa, koma kumeneko nkomwe kuli zakuba ndi zakufa, ndipo musalole kukakumana ndi munthu kunyumba kwake muli ndi ndalama mʼthumba. Makina alionse ayatseni musanalipire. Lowetsani chimbale, chizungulire mphindi khumi, mumve ngati fani ikulira ngati chigayo. Gwedezani chingwe cha HDMI pang'ono muone ngati chithunzi chikuthawa. Alumikizeni pa intaneti, chifukwa alipo amene Sony inawatseka ndipo kunja amaoneka bwinobwino. Yang'anani timapepala tomata kumbuyo, tikakhala tong'ambika ndiye kuti wina analowamo kale. Ma pad abodza ndiye adzaza msika, bokosi lake lokongola kuposa lenileni. Abodzawo amapepuka mʼmanja ndipo batire silichedwa kutha. Kuwagulitsa mutha, ali ndi anthu ake, koma muziwauza kuti ndi otani. Mwini shopu mukamupusitsa kamodzi, auza anzake onse a mʼdera.

Pa boda musadzinamize ndi nkhani ya SADC kapena COMESA. Kuchotserana msonkho kuja nkwa katundu wopangidwa mʼmaiko a mʼchigawo chino, pomwe makinawa amapangidwa ku Asia, South Africa amangodutsirako. Choncho a MRA adzafuna msonkho ndi VAT, ndipo lisiti lanu ndi lomwe lidzakuyankhulireni. Mukapanda lisiti adzayika okha mtengo. Ena amapatsa kondakitala kuti awabisire mʼkatundu wa anthu ena. Ine sindichita, chifukwa akagwidwa katundu ndi wanu koma dzina pa pepala si lanu, mukadandaula kwa yani? Musananyamuke, funsani ku ofesi yawo mlingo wa msonkho wa nthawi imeneyo, muuphatikize mumtengo limodzi ndi tikiti ndi chakudya cha panjira.

Ulendo woyamba tengani PS4 ziwiri kapena zitatu, ma pad ochuluka ndi zimbale za mpira. PS5 muzioda pokhapokha munthu wapereka kale theka, ndipo ikhale ya chimbale. Makinawo akulungeni mʼzovala muwanyamule mʼmanja, pansi pa basi amaponderezedwa ndi masaka. Musaiwalenso mapulagi: a ku South Africa ndi a mano ozungulira, salowa mʼmakoma athu, ndiye mugule zingwe za mano atatu afulati mukangofika ku Limbe, musanapereke katundu kwa mwini wake.