Funsani Tiyankhe: Khonsolo ya Johannesburg, mabungwe othandiza ndi gulu lanu

FUNSO: Ndife amayi 12 a ku Malawi okhala ku Rosettenville. Timasamala ana 30 m'galaja makolo awo akapita kuntchito. Bungwe lina lachifundo lati likhoza kutikonzera sukulu ya mkombaphala yeniyeni ngati khonsolo itapereka malo, ndipo pafupi nafe pali holo ya khonsolo imene yangokhala. A khansala anatiuza pakamwa kuti palibe vuto. Tiyambire pati? — Mlembi wa gululi

YANKHO: Mayi, ntchito mukugwirayi ndi yaikulu, ndipo tikufuna ifike patali. Koma mawu a pakamwa a khansala musamangirepo ngakhale njerwa imodzi. Khansala alibe mphamvu yopereka nyumba ya khonsolo. Malo ndi nyumba za mzinda uno zimayang'aniridwa ndi Johannesburg Property Company, ndipo kubwereketsa kumadutsa m'makomiti mpaka chilolezo chituluke cholembedwa. Kalata ya khansala ndi yofunika, inde, koma ntchito yake ndi kuchitira umboni kuti anthu a m'wodi akuifuna sukuluyo, basi.

Musanapite kumeneko, gulu lanu likhale lodziwika mwalamulo, chifukwa khonsolo kapena bungwe lothandiza silisainirana pangano ndi amayi 12 aliyense payekha. Njira yosavuta ndi kulemba malamulo oyendetsera gulu, kusankha wapampando, mlembi ndi msungichuma, n'kukalembetsa ngati NPO (bungwe losapanga phindu) ku Department of Social Development motsatira lamulo la Nonprofit Organisations Act la 1997. Kulembetsako n'kwaulere, wina asakulipitseni. Ena amasankha kulembetsa ku CIPC, ofesi yolembetsa makampani, kampani yosapanga phindu, imene imafuna madayirekitala atatu kapena kuposerapo. Mukalandira nambala ya NPO, chaka chilichonse muzipereka lipoti la ntchito ndi la ndalama pasanathe miyezi 9 chaka chanu cha zachuma chitatha. Magulu ambiri amagwera pamenepa: amalembetsa, amaika satifiketi m'felemu, malipoti osatumiza, tsiku lofuna thandizo n'kupeza kuti dzina lawo lalembedwa pa osatsata lamulo.

Kenako pitani ku SARS, bungwe lotolera misonkho, mukapemphe kuti akuvomerezeni ngati PBO (bungwe logwira ntchito zopindulira anthu), ndiponso chilolezo chopereka malisiti a section 18A. Lisiti limeneli limalola wokupatsani ndalama kuchotsa mphatsoyo pa ndalama zimene amadulidwapo msonkho, mpaka 10 peresenti, ndiye ambiri amalifunsa asanawerenge n'komwe pempho lanu. SARS imafuna anthu atatu osakhala pachibale oti ayankhe za chuma cha gulu, choncho komiti ya mayi, mwana wake ndi mlamu wake siidutsa. Akaunti ya kubanki ikhale m'dzina la gulu, osainira akhale awiri, ndipo mapasipoti ndi ziphaso zawo zikhale zosatha masiku. Ife tikulangizani kuti muikemonso m'komiti anansi anu a kuno ku South Africa amene ana awo mumawasamala. Zimathandiza kubanki, zimathandizanso pamsonkhano wa wodi.

Pa sukuluyo payokha: lamulo la Children's Act la 2005 limati malo osamalirapo ana oposa 6 ayenera kulembetsedwa, ndipo kuyambira pa 1 April 2022 nkhani za mkombaphala zili m'manja mwa unduna wa maphunziro. Koma mapepala amene a maphunziro adzafune ambiri amachokera ku khonsolo: satifiketi ya a zaumoyo, umboni wa a zozimitsa moto, pulani ya nyumba yovomerezeka, ndi chilolezo choti malowo angagwiritsidwe ntchito imeneyi. Itanani oyendera a zaumoyo aone holoyo mmisiri asanagwire chilichonse. Iwo amayeza chipinda, amawerenga zimbudzi ndi mabeseni osambira m'manja, amaona khitchini ndi mpanda, n'kukuuzani ana angati angaloledwe. N'zopweteka kupenta ndi kuika matailosi ndi ndalama za eni, kenako n'kuuzidwa kuti mugumule khoma chifukwa palibe khomo lachiwiri lothawira moto.

Nthawi nayonso muziidziwa. Chaka cha zachuma cha khonsolo chimayamba pa 1 July n'kutha pa 30 June. Bajeti yongoyerekeza imaperekedwa pofika kumapeto kwa March, pamodzi ndi IDP, ndondomeko ya chitukuko ya zaka 5 imene imaunikidwanso chaka chilichonse, kenako anthu amaitanidwa kuti apereke maganizo. Lamulo la Municipal Systems Act la 2000 limawerengera aliyense wokhala mumzinda ngati mbali ya anthu a m'deralo, osati ovota okha, ndiye musaope kupita. Rosettenville ili m'chigawo cha mzinda chotchedwa Region F. Kaperekeni pempho lolemba, musunge kope lodindidwa. Ntchito imene siili mu IDP imavuta kuipezera ngakhale ndalama yokonzera paipi.

FUNSO: Bwanji mabungwe olemerawa osangopereka ndalama ku khonsolo kuti ikonze mapaki ndi maholo yokha? — Bambo wa ku Yeoville

YANKHO: Bambo, nthawi zina amatero, koma njira yake ndi yaitali. Lamulo la Municipal Finance Management Act la 2003 limati khonsolo igwiritse ntchito ndalama motsatira bajeti yovomerezedwa, ndipo pogula katundu kapena polemba kontilakita itsate njira ya tenda, yopikisanitsa makampani ofuna ntchitoyo. Mphatso ikafika pakati pa chaka, imadikira kaye kuti ilowe m'bajeti, kenako idikire tenda, pamene bungwe lopereka lili ndi bodi yake imene ikufuna lipoti pakatha miyezi 12. Mawotchi awiriwa sayendera limodzi.

N'chifukwa chake kawirikawiri ntchito imagawidwa patatu. Khonsolo imapereka zimene ili nazo yokha: malo, zilolezo, madzi kudzera ku Johannesburg Water, magetsi ku City Power, kuchotsa zinyalala ku Pikitup. Bungwe lothandiza limalipira mmisiri, zipangizo kapena maphunziro, mwachindunji kapena kudzera ku NPO. Gulu la anthu a m'dera ndi limene limatsegula chitseko m'mawa uliwonse. Paki ya The Wilds ku Houghton inadzukanso mwa njira yofanana ndi imeneyi, anthu odzipereka ndi opereka mphatso akugwira limodzi ndi Johannesburg City Parks and Zoo, malo n'kukhalabe a mzinda.

Ndalama ikamachokera ku khonsolo kupita ku gulu, section 67 ya lamulo lija la Municipal Finance Management Act imafuna kuti gululo lizipereka lipoti la momwe lagwiritsira ntchito ndalama mwezi uliwonse, komanso mabuku ofufuzidwa ndi oditala. Msungichuma amene amasunga malisiti m'jumbo asinthe khalidwe ndalamayo isanabwere.

FUNSO: Kampani ina inatikaniza thandizo itamva kuti ana ambiri pa pulogalamu yathu yophunzitsa ana akaweruka kusukulu ndi a makolo obwera. Kodi si tsankho limeneli? — Mphunzitsi, Turffontein

YANKHO: Aphunzitsi, tikumva kuwawa kwake, ndipo mwana ndi mwana, malamulo aakulu a dziko lino pa section 28 amanena za mwana aliyense. Koma nthawi zambiri chimene chakukanizani ndi masamu a B-BBEE, ndondomeko ya boma yotukula anthu akuda pa chuma. Makampani amapeza mapointi akagwiritsa ntchito 1 peresenti ya phindu lotsala atalipira msonkho pa chitukuko cha anthu, ndipo ndalamayo imawerengedwa yonse ngati 75 peresenti ya thandizolo yafikira anthu akuda monga lamulo limawatanthauzira. Tanthauzolo limakhudza nzika za South Africa zokha. Mwana wobadwira ku Johannesburg kwa makolo awiri a ku Malawi sakhala nzika pongobadwira kuno, pamene mwana amene kholo lake limodzi ndi nzika amawerengedwa.

Chochita chilipo. Lembani kaundula woona wa ana onse, mungapeze kuti a kuno ndi ambiri kuposa momwe mumaganizira. Musasinthe manambala kuti mukondweretse kampani, chifukwa ofufuza amapempha masatifiketi obadwira, ndipo bodza likaululika dzina la gulu lathera pomwepo. Pempho lanu litembenuzireni kwa amene sadalira mapointi amenewa: mabungwe a mabanja, a mipingo ndi mizikiti, ndi ochokera kunja. Gift of the Givers, imene ambiri timaidziwa kuyambira kumudzi pa nthawi ya madzi osefukira, ndi chitsanzo cha bungwe lothandiza osayang'ana pasipoti. Ndipo ku khonsolo, ntchito yanu muziitchula kuti ndi ya ana a m'wodi, poti ndi mmene ililidi.

FUNSO: Tasainirana kale pangano la zaka ziwiri ndi khonsolo komanso bungwe lothandiza. Nanga bungwelo likadzachoka, kapena meya akasintha? — Msungichuma, Berea

YANKHO: Funso limeneli ndi limene likanayenera kufunsidwa tsiku loyamba. Bungwe lothandiza ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Taonani laibulale yaikulu ya mzinda uno, imene inatsegulidwa mu 1935. Inakonzedwa bwino ndi ndalama za khonsolo pamodzi ndi thandizo la Carnegie Corporation ya ku New York, n'kutsegulidwanso mu 2012. Itatsekedwa nthawi ya Covid-19, inakhala yotseka kwa zaka chifukwa cha kudontha kwa denga ndi kuperewera kwa chitetezo cha moto, mpaka mu 2025. Mphatso imamanga, koma kukonza zowonongeka kumafuna ndalama ya chaka ndi chaka, ndipo imeneyo ndi imene anthu amaiwala kulemba.

Za meya: kuyambira 2021 mpaka 2024 anthu 7 anakhalapo pampando umenewu mu Johannesburg. Pangano lopachikidwa pa munthu limagwa naye. Onani ngati lanu linasainidwa ndi mkulu wa khonsolo amene ali ndi mphamvu yosainira, ndipo pemphani kope la chigamulo cha khonsolo kapena cha komiti chimene chinaliloleza, chokhala ndi tsiku ndi nambala yake.

Tsegulani panganolo lero lomwe, muwerenge ndi pensulo m'manja. Kodi likunena amene azilipira madzi ndi magetsi, ndipo mita ili m'dzina la ndani? Giza ikaphulika kapena mbava zikaba mawaya, akonze ndani, pasanathe masiku angati? Inshuwalansi ndi mlonda ndi za yani? Mipando, mafiriji ndi makompyuta ogulidwa ndi mphatso adzakhala a ndani pangano likatha? Nthawi yobwereka nyumba ikhale yaitali kuposa nthawi ya thandizo, apo ayi mudzakonzera ena. Dziwaninso kuti pangano lokakamiza khonsolo kulipira ndalama kupitirira zaka 3 limafuna njira yapadera ya section 33 ya Municipal Finance Management Act, yodziwitsa anthu masiku 60 ndi kumva maganizo a National Treasury, nthambi ya boma yoona za chuma, n'chifukwa chake maofesala amakonda kuima pa zaka 3.

Ngati mfundozi mulibe, lembani kalata kwa mbali zonse ziwiri yopempha kuti ziwonjezedwe ngati tsamba lapadera losainidwa, bungwelo likadalipo, chifukwa khonsolo imamva msanga wopereka ndalama akadali patebulo. Ndipo kuyambira mwezi uno muzipatula kandalama pang'ono kuchokera ku zopereka za mamembala, kukhale pa akaunti yakeyake ya zokonzera, kuti tsiku limene pampu idzafe musadzayambe kuyenda ndi mbale.