Sienta ikutentha, madzi akutha koma sakudontha pansi

Achimwene, mwati galimoto yanu ya Toyota Sienta ya injini ya 1NZ ikutentha ndipo madzi akumatha osaoneka podontha. Musathamangire kumasula hedi (chigawo chapamwamba cha injini), chifukwa thermostat (kavavu kotsegulira madzi njira yopita ku ledieta) yokakamira kapena fani yakufa imatenthetsanso injini.

Injini itazizira, tsegulani chivundikiro cha ledieta, dzazani madzi, muilize. Thovu likamatuluka mosalekeza, ndiye kuti mpweya wa m'silinda ukudutsa pa gasiketi ya hedi, yomwe imatseka mpata pakati pa hedi ndi thunthu la injini. Solorani dipstick, kachitsulo koyezera oyilo: oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa. Utsi woyera wosatha ku ekizosi, kapena pulagi imodzi yoyera mbee kuposa zinzake, zikunena zomwezo.

Pomasula, chotsani batire, khetsani madzi ndi oyilo, ikani pisitoni yoyamba pamwamba, mulembe zizindikiro pa tcheni cha timing. Mabawuti khumi a hedi muwamasule pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali kulowa pakati.

Ambiri amagwa apa: amangoika gasiketi yatsopano pa hedi yopindika, pakapita masabata yapsanso. Hedi ya aluminiyamu imapindika ikatenthedwa. Gonekanipo rula yachitsulo yowongoka, muyeze mpata ndi feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mpata), ukaposa 0.05 mm, ipititseni kumakina akaipale. Zimenezi si zapakhomo ayi. Pukutaninso mabowo a mabawuti, poti oyilo wotsalamo amanamiza torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira.

Gasiketi iikidwe youma, osapaka silikoni. Mangani mabawuti a hedi kuchokera pakati kupita kunja: 29 Nm pa torque wrench, kenako muwazungulize madigiri 90, kenako 90 ena. Thirani oyilo watsopano, sinthani fyuluta, muike coolant (madzi a mankhwala oziziritsa injini) osati madzi apachitsime, ndipo mutulutse mpweya m'mapaipi musanayendetse.