Nkhanza m'zisudzo za ku Ulaya: muyambire ku Athens

Mchemwali wina wophunzira za zisudzo wandilembera imelo kufunsa kuti: "Aphunzitsi atipatsa ntchito yolemba za nkhanza m'mbiri ya zisudzo za ku Ulaya. Ndiyambire pati? Nanga n'zoona kuti Agiriki akale sankaphana pa siteji?"

Achemwali, musataye nthawi kuwerengetsera mitembo. Pa sewero lililonse dzifunseni: kodi oonera akuonetsedwa chiyani, akubisiridwa chiyani, ndipo wasankha zimenezo ndani?

Za Agiriki n'zoona ndithu, ngakhale osati nthawi zonse. Kupha kunkachitikira m'nyumba, kenako mthenga n'kutulukira kudzafotokoza zonse, mitembo n'kuikankhira panja pa thabwa la mateyala lotchedwa ekkyklema. Oedipus wa m'sewero la Sophocles amadziboola maso kuseri, ife timangomuona akutuluka magazi ali chuchuchu. Musaganize kuti anthuwo ankaopa magazi. Wolemba zisudzo Aeschylus anamenya nawo nkhondo ku Marathon mu 490 BC, ndipo ambiri mwa oonera anali asilikali. M'sewero lake la The Persians la 472 BC, nkhani ya kupambana kwa Agiriki ku Salamis anaiika kunyumba ya mfumu ya adani awo ku Susa, kuti Athens amve kulira kwa ogonja. Koma tsoka la abale awo enieni sankafuna kulikumbutsidwa: wolemba mbiri Herodotus akunena kuti wolemba zisudzo Phrynichus analipitsidwa madrakima 1,000 chifukwa sewero lake la kugwa kwa mzinda wa Miletus linaliza anthu. Kwa ine, nkhani yanu yagona pamenepa.

Mukatero dumphirani ku London. Mu King Lear wa Shakespeare, Gloucester amamukolowola maso anthu akuona, ndipo chapafupi ndi bwalo la zisudzo la Globe anthu omwewo ankalipira kuti aonere agalu akuluma chimbalangondo chomangidwa. Afalansa a nthawi ya olemba zisudzo Corneille ndi Racine anabwerera kokabisa magazi kuseri, ati ndiwo ulemu. Amenewo ndime imodzi iwakwanira.

Osaiwala boma. Mu 1965, Lord Chamberlain, mkulu amene ankapereka zilolezo za zisudzo ku Britain, anakana kupereka chilolezo cha Saved, sewero la Edward Bond momwe anyamata amagenda khanda mpaka kufa. Bwalo la zisudzo la Royal Court linalionetsabe ngati la mamembala okha, nkhani inakafika kukhoti, ndipo mu 1968 Nyumba ya Malamulo inachotsa mphamvu zoletsa zisudzozo.

Ngati masamba akuchepa, tengani Oedipus ndi Gloucester okha. Onse ataya maso, wina kuseri wina poyera. Fotokozani zimene oonera a ku Athens ndi a ku London ankaziona kale kunja kwa bwalo la zisudzo, ndi chifukwa chake wolemba aliyense anasankha motero.