Chipilala chatalika bwanji pomwe nyumba zikuletsedwa?

Achimwene, mwafunsa kuti zimatheka bwanji kuti ku Washington amaletsa nyumba zansanjika zitalizitali, chonsecho chipilala cha Washington Monument chinachita kubaya mitambo. Mukuti mwina boma limadzikondera. Pamenepa ine ndikana, ndipo tiyambire pa zaka.

Chipilalacho anachimaliza mu 1884, n'chotalika mafiti 555, pafupifupi mamita 169. Lamulo loyamba la Congress, nyumba ya malamulo ya dziko la United States, loika malire a kutalika kwa nyumba linabwera mu 1899, n'kudzalikonzanso mu 1910. Ndiye kuti lamulolo linachipeza chili chilili. Chimene chinaputa lamuloli si chipilala ayi, koma nyumba yogonamo anthu yotchedwa The Cairo, imene inamangidwa mu 1894 n'kufika mafiti 164. Anthu oyandikana nayo anadandaula kwambiri, ndipo nkhawa yaikulu inali ya moto: utabuka pamwamba penipeni, makwerero ndi mapaipi a ozimitsa moto akafikako?

Pali kabodza kamene kamayenda kwambiri, koti kumeneko saloleza nyumba kupitirira Capitol, nyumba imene Congress imakumaniramo, kapena chipilalachi. Lamulo la 1910 silinena zimenezo. Limayeza ndi msewu umene nyumbayo yayang'ana. M'misewu ya malonda, mumatenga kukula kwa msewu m'lifupi n'kuwonjezerapo mafiti 20, koma osapyola mafiti 130. M'misewu yokhala anthu malire ndi mafiti 90. Mbali ina ya msewu wa Pennsylvania Avenue yokha ndi imene analoleza mafiti 160.

Tsono apa ndi pagona nkhani. Lamulo lomwelo limalola kuti nsanja zosongoka, madenga ozungulira, machumuni, matanki a madzi ozimitsira moto ndi tizipinda ta makina a chikepe zipitirire malirewo, bola akuluakulu avomereze. Chifukwa chake n'chosavuta. Chimene malamulowa amalondera kwenikweni si mamita, ndi anthu. Tangoganizani moto wabuka m'nsanja ya belu la tchalitchi pakati pa usiku: mulibe mwana wogona, mulibe agogo ofunika kuwanyamula pamasitepe. Nsanja siitana magalimoto ofuna poima, siwonjezera zimbudzi zoti mapaipi a mzinda asenze. Ngakhale mthunzi wake ndi wowonda, ukafika pawindo panu m'mawa, pomamaliza kumwa tiyi wasuntha. Chinyumba chachikulu chimatchinga dzuwa msewu wonse tsiku lathunthu. N'chifukwa chake nsanja ya tchalitchi cha Basilica of the National Shrine of the Immaculate Conception, ya mamita pafupifupi 100, ili mumzinda womwewo popanda phokoso.

Pamene ndingagwirizane nanu m'pakuti mpata ukangotseguka, omanga nyumba sagona tulo. Tizipinda tapadenga tija poyamba sankalola kuti mukhale munthu, koma mu 2014 Congress inafewetsa lamulo n'kulola nsanjika imodzi yapadenga yoti anthu azigwiritsa ntchito. Kwa ine, kachipinda kakayamba kulipitsa lendi kasiya kukhala chokongoletsa, kayenera kuwerengedwa ngati nyumba basi.

Mizinda ina inachita kutembenuza nkhani: chipilala ndiye chimalamula nyumba. Ku Philadelphia kunalibe n'komwe lamulo lolembedwa, linali pangano la ulemu chabe loti pasakhale nyumba yopitirira chifaniziro cha William Penn, amene anayambitsa mzindawo, chimene chili pamwamba pa City Hall, nyumba ya khonsolo ya mzinda, mafiti 548. Analisunga zaka zambirimbiri mpaka nyumba yansanjika ya One Liberty Place inaliswa mu 1987. Ku London amateteza kuti tchalitchi cha St Paul's chizioneka kuchokera m'malo ena osankhidwa, moti nyumba yansanjika ya Leadenhall Building anaimanga yopendekera kumbuyo kuti isachitchinge munthu akaima pa msewu wa Fleet Street. Mukadzaiona pachithunzi musadzati amisiri analedzera.

Mwafunsanso ngati munthu wamba angamange chipilala chake chachitali n'kunena kuti malire samukhudza. Dzina lokha loti chipilala silikwanira. Pulani iyenera kudutsabe kwa oona za mapulani a mzinda, ndipo amafunsa ngati mudzakhale anthu, komanso ngati n'cholimba. Kenako pali a zandege, amene alibe nazo kuti chinthucho n'chopatulika kapena n'cha chikumbutso. Ku United States chilichonse chopyola mafiti 200 muyenera kuwadziwitsa a FAA, bungwe la boma loona za ndege, musanamange. Washington Monument yomweyo ili ndi magetsi ofiira pamwamba, amaphethira usiku wonse kuchenjeza oyendetsa ndege.