Pa Zoom akuti mawu anga akumveka kawiri, kenako akuduka

Funso: Bambo, ine ndimagwira ntchito ndi gulu la alimi a mbatatesi kuno ku Bembeke. Mwezi watha ndinkapereka lipoti pa Zoom kwa otithandiza a ku Lilongwe, koma ankangodandaula kuti mawu anga akumveka kawiri, mwinanso akuduka-duka. Kavidiyo ka kumunda kamene ndinaika mu PowerPoint ankangokaona kopanda mawu. Ndimagwiritsa ntchito laputopu, intaneti ndimatenga pa foni. Sabata yamawa ndikumana nawonso. Kodi ndigule laputopu ina?

Yankho: Laputopuyo isiyeni, mayi, ilibe mlandu. Za mawu kumveka kawirizi ndazidziwa kale ndisanaone n'komwe makina anu. Munalowa mumsonkhano pa laputopu, ndiye pa foni ija munalowanso kuti muziona mmene masilaidi akuonekera kwa anzanu. Zipangizo ziwiri pa tebulo limodzi, maikolofoni ya china imatola mawu otuluka m'sipika ya chinzake n'kuwabweza kwa anthu. Kudina Mute pa foni sikuthetsa vutoli chifukwa sipika imakhala ikulankhulabe. Tulukani mumsonkhano pa foniyo, ntchito yake ikhale yopereka intaneti basi.

Tsopano mahedifoni. Simunawatchule, ndipo pamenepo m'pamene ndikukayikira kwambiri. Tengani amene muli nawowo, muyang'ane kachitsulo kolowetsa kaja, muwerenge timizere timene tazungulira. Tikakhala tiwiri, ndi omverera nyimbo chabe, maikolofoni mulibe. Tikakhala titatu ndiye kuti ilimo. Koma musasangalale msanga. Awa ogula pamsika pamtengo wa mbale ya chipisi amakhala ndi timizere titatu bwinobwino, kabatani pa chingwe kaliponso, koma waya wa m'kati ndi woonda kwambiri moti sachedwa kuthyokera pakhosi pa kachitsulo kaja. Mukangotembenuza mutu mawu aduka, mukabwerera abwera, anthu n'kumanamizira netiweki. Amabwera nawo kuno kushopu m'thumba limodzi ndi makiyi, atawapinda mfundo zokhazokha, kenako n'kumati laputopu yawonongeka.

Yang'ananinso m'mbali mwa laputopu. Ngati ndi yakale yokhala ndi mabowo awiri, lina la mahedifoni lina la maikolofoni, mahedifoni a foni mukawalowetsa muzimva anthu koma maikolofoni yake siigwira. Pamafunika kachingwe kogawa, kamene kamalandira kachitsulo kamodzi n'kutulutsa tiwiri. Ya bowo limodzi ilibe vuto limeneli.

Ndiye chitani ichi, ndipo musachidumphe. Tsegulani zoom.us/test, ndi msonkhano woyeserera umene mumakhalamo nokha. Pambali pa chithunzi cha maikolofoni pali kamuvi koloza m'mwamba. Kadineni muone maikolofoni imene yasankhidwa, chifukwa kawirikawiri munthu amavala mahedifoni koma Zoom ikumvera maikolofoni ya laputopu, imene imatola phokoso la fani, makiyi mukamalemba ndi tambala wa panja. Sankhani ya mahedifoni. Kenako pa kamuvi komweko tsegulani Audio Settings, mudine Test Mic, kabatani kojambulira mawu anu moyeserera, werengani ziganizo zingapo za lipoti lanu ndi mawu amene mudzalankhulire tsikulo, osati "halo, halo" ayi. Mukuwerenga choncho gwedezani chingwe ndi chala, makamaka pakhosi pa kachitsulo ndi pamene chagawikana kupita m'makutu. Mverani zimene zajambulidwazo. Mukamva kuthetheka kapena mawu akuzimirira, atayeni mahedifoniwo, musawamange tepi. Bwerekani kapena gulani enieni, aja amabwera m'bokosi la foni amachita bwino. A Bluetooth ine sindiwakonda pa ntchito ngati iyi, batire limatha muli pakati pa nkhani.

Mahedifoni akapezeka abwino koma mawu akudukabe, ndiye tinene za intaneti. Chofunika kwa munthu wolankhula ndi liwiro lotumiza, upload, osati lolandira limene anthu amanyadira Facebook ikamatseguka msanga. Mawu okha ndi masilaidi osasuntha sizidya zambiri, chilichonse sichifika ngakhale 100 kbps, pamene kamera yooneka bwino imafuna kupitirira 1 Mbps, kutanthauza 1,000 kbps. Choncho perekani moni kamera ili yoyatsa kuti akuoneni nkhope, mukayamba kuonetsa masilaidi izimitseni. Foni ilumikizeni ku laputopu ndi chingwe, muyatse USB tethering m'malo mwa hotspot, izitchajika komweko, ndipo muiike pafupi ndi zenera. Pa Windows ikani kulumikizanako kukhale metered connection, kutanthauza intaneti ya bandulo yofunika kuisunga, apo ayi makina ayamba kudzikokera ma update inu muli pakati pa lipoti, bandulo n'kutha. Komanso kwanu kuno ndi m'malire. Msewu wa M1 kuchokera ku Dedza kutsikira ku Lizulu umayenda m'mphepete mwa Mozambique, ndipo foni yosiyidwa pa automatic imatha kugwira netiweki ya tsidya lija. Sankhani nokha netiweki yanu m'ma settings.

Kavidiyo kopanda mawu ndi nkhani yaing'ono. Mukadina Share Screen pamabwera kabokosi kolembedwa Share sound, kachongeni. Koma ndi intaneti ya pa foni ine sindikanakaonetsera pa Zoom. Kazidzangojejemera. Katumizeni pa WhatsApp kapena pa imelo kutatsala tsiku, limodzi ndi masilaidi onse mutawasandutsa PDF. Zinthu zikavuta mungonena kuti tili pa tsamba 4, iwo n'kumatsatira kwawoko inu mukulankhula.

Masilaidiwo chotsanimo zoulukauluka zija, mawu obwera mozungulira ndi zina zotero, pa netiweki yofooka zimafika mochedwa inu mutapita kale patsogolo. Malemba akhale akuluakulu popeza ena amaonera pa foni. Tebulo la zokolola za makalabu onse musalipanikize pa silaidi imodzi, onetsani manambala awiri kapena atatu amene mukufuna akumbukire, ena onse akawapeze mu PDF. Nkhope iyang'ane kuzenera, zenera likakhala kumsana amangoona chithunzithunzi chakuda.

Ngati msonkhano mukuitanitsa ndinu pa akaunti yaulere, Zoom imadula pakatha mphindi 40, ndiye ndi bwino linki atumize a ku Lilongwewo. Za magetsi mukuzidziwa kale. Chimene ambiri sachita n'kuyesa batire: mawa zulani tchaja, yatsani msonkhano woyeserera uja, muone kuti laputopu ikhala nthawi yaitali bwanji. Ikazima lisanathe ola, ikaniratu PDF ija mu foni kuti muthe kumalizira lipoti pa foni pomwepo.