Kodi 3002, nambala ya Sapitwa, ili m'gulu lanji?

Aphunzitsi ena a ku Chitakale andilembera imelo. Akuti atauza ana a Sitandade 7 kuti nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi yotalika mamita 3,002, mtsikana wina anakweza dzanja n'kufunsa ngati nambalayi ndi prime. Iwo atafufuza pa intaneti anakumana ndi mawu akuti sphenic ndi deficient, ndiye akufuna kudziwa tanthauzo lake.

Aphunzitsi, mwanayo mumuyamikire pamaso pa anzake. Yankho lake ndi ayi. Prime ndi nambala yomwe imagawika ndi 1 komanso iyo yokha basi, pomwe 3002 ikuthera ndi 2, choncho imagawika pawiri bwinobwino. Koma chonde musalekere pomwepo, chifukwa zokoma zili kutsogoloku.

Mukaigawa pakati mupeza 1501. Apa ndiye pali ntchito. Apatseni anawo choko ayese 3, 5, 7, 11, 13 ndi 17. Zonsezi zikana, pazitsala kenakake. Akafika pa 19 ndi pamene ilola: 19 kuchulukitsa ndi 79. Ndiye kuti 3002 ndi 2 × 19 × 79, ma prime atatu osiyana, ndipo nambala yotere ndi yomwe amati sphenic. Yaing'ono kwambiri m'gululi ndi 30, yochokera ku 2 × 3 × 5. Iliyonse imakhala ndi manambala oigawa 8. Athu ndi 1, 2, 19, 38, 79, 158, 1501 ndi 3002.

Ine ndimakonda kuti ana azione ndi maso. Minda ya tiyi ili pafupi, amaiona tsiku ndi tsiku. Auzeni kuti ali ndi mbande 3,002 ndipo mizere iyenera kufanana. Wina anena kuti mizere 40, koma akaika mbande 75 pamzere uliwonse, ziwiri zimutsalira m'manja. Mizere 38 ya mbande 79 ndi imene ikwana ndendende, kapenanso mizere 19 ya mbande 158.

Za deficient n'zosavuta. Phatikizani oigawa onse kupatula mwiniwake: 1 + 2 + 19 + 38 + 79 + 158 + 1501, mupeza 1798. Sinafike pa 3002, ndiye akuti ndi yoperewera. Ikanakwana ndendende, ngati 6 kapena 28, ikanatchedwa perfect.

Nthawi ikalola, aonetseninso oyandikana nayo. Prime imene mtsikanayo amaifuna ilipo, ndi 3001. Kuti atsimikize, safunika kuyesa mpaka kutopa, angoyesa ma prime kulekeza pa 53, poti 55 × 55 yadutsa kale, ndi 3025.

Mbali inayo kuli 3003, yomwe ndi 3 × 7 × 11 × 13. Kumbukirani momwe amayi amaunjikira nanazi m'mbali mwa msewu, zambiri pansi, imodzi pamwamba. Mutayala 77 pamzere wapansi, 76 pamwamba pake, n'kumachotsa imodziimodzi mpaka pansonga, nanazi zonse zingakwane 3,003. Ayambe ndi mulu wa mizere 4 wa zitsekerero za mabotolo, apeze 10, kenako aziwonjezera mzere okha.